Mwana wa zaka 2 ndi miyezi 3 wochedwa kuyankhula, mmene tinagwirira ntchito ndi mayi ake komanso agogo ake

Ndalemba lipoti ili chifukwa anzanga angapo a ku fiziyo ndi manesi a kusikelo akhala akundifunsa kuti kodi mwana akachedwa kuyankhula timapanga naye chani ife amene tilibe speech therapist, katswiri wothandiza pa vuto la kuyankhula, pafupi. Ine si speech therapist, ndimagwira ntchito ku rehab, kumene timathandiza ziwalo za odwala kuti zizigwira ntchito, pa chipatala china cha boma kummwera kuno, ana ambiri amene ndimaona ndi a cerebral palsy, kulumala kochokera ku vuto la mu ubongo, ndi a mapazi opindika, koma ochedwa kuyankhulawa nawonso amatipeza ifeyo chifukwa ma speech therapist m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri ndipo amapezeka m'tauni. Banja linavomera kuti ndilembe, dzina la mwana ndi mudzi wawo sinditchula.

Ndi mnyamata, wachitatu kubadwa, anamutumiza ndi HSA, mlangizi wa zaumoyo wa kwawo, atamuona kusikelo. Mayi ake atangokhala pansi anati, "Adokotala, anzake obadwa nawo chaka chimodzi akuitana anthu mayina, uyu amangoti mm mm nkumaloza basi." M'kabuku kake munalibe choopsa, anabadwa miyezi itakwana ndi makilo 2.9, analira pompo, chikasu sanadwale, anayenda ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, sikelo ikukwera bwino. Malungo anadwala kawiri koma anangomwa LA, sanagonekedwepo, sanakomokepo. Izi ndimafunsa dala chifukwa malungo a m'bongo, matenda oumitsa khosi a meningitis komanso majakisoni ena ngati gentamicin ndi kwinini amatha kuononga makutu. Nditafunsa za makutu ndi pamene mayi anati lakumanja limatuluka mafinya, limasiya nkuyambanso, kuyambira ali ndi chaka. Sanazitchule poyamba chifukwa kwawo amangoti ana amatero.

Tinawerenga limodzi mawu amene amanena. Mama, gogo, ayi, ee, bibi, pii akaona galimoto, ndi dzi kutanthauza madzi. Asanu ndi awiri, ndipo kuphatikiza awiri pamodzi ayi. Muyeso umene ambiri timagwiritsa ntchito ndi woti mwana akakwana zaka 2 alibe mawu okwana 50 komanso sakuphatikiza mawu awiri, ameneyo wachedwa. Muyesowu unapangidwa pa ana a Chingerezi nde pa Chichewa ndimasamala nawo, chifukwa mwana wathu akati "ndikufuna" wanena chiganizo chonse m'liwu limodzi, komanso ana amadula kutsogolo kwa mawu, sima m'malo mwa nsima, thochi m'malo mwa nthochi, ndipo makolo ambiri mawu odukawa sawawerengera. Liwu lililonse limene mwana amalinena mofanana nthawi zonse pa chinthu chomwecho ine ndimaliwerengera olo likhale lopindika. Koma olo titawerenga mokomera bwanji, 7 ndi 50 zatalikirana.

Pa MDAT, chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinapangidwa konkuno ku Malawi nkusindikizidwa mu 2010, kuyenda ndi kugwiritsa ntchito manja anali bwinobwino, kucheza ndi anthu bwino, chiyankhulo chokha ndi chimene chinatsalira. Zimene akuuzidwa ankazimvetsa ndithu. Mayi atati katenge nsapato anakatenga, koma ndinaona kuti aloza ndi mlomo nde ndinawapempha abwereze atayang'ana kwa ine, anatengabe nsapato, kapu anatenganso, koma zinthu ziwiri pakamodzi, tenga kapu ukawapatse adokotala, anaima pakati nkumayang'ana mayi ake. Ankayang'ana m'maso, ankaloza chinthu nkutembenuka kuona ngati nawe wachiona, anatenga supuni nkumadyetsa chidole. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi pa nkhani ya autism, vuto limene mwana amavutika kucheza ndi kumvana ndi anthu. Mwana amene saloza, sakuonetsa zinthu, satembenuka ukamuitana dzina, kapena amene anali ndi mawu nkuwataya, ameneyo ndi nkhani ina ndipo sindichedwa naye, ndimamutumiza kwa madokotala a ana.

Kunyumba kunali nkhani ziwiri zimene zinali zitagamulidwa kale. Yoyamba, akuti ali ndi kachingwe pansi pa lilime, ndipo anali atapangana kale ndi munthu wina m'mudzi woti akadule ndi lezala. Ndinamuyang'ana, lilime amalitulutsa kupitirira milomo, amanyambita shuga pamlomo wa m'mwamba, kuyamwa anayamwa bwino mpaka chaka ndi theka. Ndinawauza mayi mosabisa kuti asakadule, magazi ndi matenda angalowe pachabe, ndipo ngakhale ana amene kachingweko alidi nako mawu amabwera, sikatseka mawu m'mutu. Yachiwiri, aneba anawauza kuti mwana wasokonezeka chifukwa agogo amamuyankhula Chiyao pamene ena onse Chichewa. Izinso ayi, zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana, ana a ku Mangochi ndi ku Machinga ambirimbiri akukula nazo ziwiri. Ndinati agogo apitirize Chiyao chawo.

Tsiku lake la mwanayu linali chonchi, mayi amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika kuchoka mmawa mpaka cha m'ma 4, iye amatsala ndi agogo, mayi awo a mayiwa. Bambo ali ku Joni, anatumiza foni yayikulu ndipo mwana wa achimwene awo anaikamo makatuni a Chingerezi, nde agogo akafuna kugwira ntchito amangomupatsa foni mpaka batire ithe. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wa zaka 2 asapitirire ola limodzi patsiku pa sikirini, uyu ankapitirira kutali. Kuonjezera apo ali ndi mlongo wake wa zaka 7 amene amamukonda zedi, akangoti mm nkuloza, mlongoyo wathamanga kale, "akufuna madzi," kapu ili m'manja. Mwana analibe chifukwa chotsegulira pakamwa.

Ndinayala mkeka nkuika kapu, supuni, zitsekerero za mabotolo ndi kagalimoto, ndinawauza mayi asewere naye mmene amachitira kunyumba. Ananyamula kapu nkuiika kumaso kwake, "Ichi nchani? Nena kapu. Nena. Ka-pu. Iwe nena kapu!" Mwana anali ndi chidwi ndi zitsekerero, ankaziika m'mzere nkumazigwetsa, koma mayi kapu yomweyo, kenako supuni, ichi nchani, nanga ichi. M'mphindi zisanu mafunso anapitirira 20, ndipo mwana anatembenuka nkuwapatsa msana. Mayi anandiyang'ana misozi ili m'maso nkuti, "Mwaonatu, ndimayesetsa." Ndipo ankayesetsadi, mantha ndi amene anasandutsa kucheza kukhala mayeso.

Tinayamba ndi khutu. Akiliniko anaona kuti ndi lakale, anawaphunzitsa kulipukuta ndi kansalu koyera kopota katatu patsiku, anapereka ciprofloxacin wodontheza masiku 14, ndipo tinawauza kuti posamba azitseka khutulo ndi thonje lopaka Vaseline, asathiremo chilichonse cha kumudzi. Ndinalemba kalata yopita ku kiliniki ya makutu ku Queens kuti akamuyeze kamvedwe. Ulendowu unatenga miyezi iwiri kuti utheke chifukwa cha thiransipoti, zotsatira zinati lakumanzere likumva bwino, lakumanja lili ndi kabowo pa nembanemba ndipo likumva mochepera pang'ono. Sitinadikire zotsatirazo kuti tiyambe zinazi.

Njira imene ndimatsata si yanga. Maganizo oti kholo ndi amene akhale patsogolo anafala kwambiri ndi a Hanen Centre a ku Toronto, Canada, amene anayamba mu 1975, ndipo mfundo yawo yodziwika ndi kuyang'ana, kudikira, kumvetsera. Zofanana nazo zili mu Care for Child Development ya WHO ndi UNICEF imene ambiri a ife tinaphunzirako. Chifukwa chake nchosavuta, ine mwanayu ndimamuona mphindi 40 kawiri pamwezi zikayenda bwino, a kunyumba ali naye tsiku lonse.

Koma poyamba ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna anzanga mumve bwino pamenepa. Ndinawapatsa mayi pepala la zithunzi nkuwauza kuti tsiku lililonse apatule mphindi 15 akhale naye pamkeka. Tsiku lobweranso sanabwere. HSA atawayendera anapeza kuti anachita masiku awiri okha, amafika kunyumba atatopa, madzi kulibe, moto sunakolezedwe, ndipo pepala lija linangowabwezera ku ichi nchani ichi nchani. Anachita manyazi kubwera kudzanena kuti alephera. Sanalephere iwo, ine ndi amene ndinapereka ntchito yosakwana m'tsiku lawo, komanso ndinaphunzitsa munthu amene masana sakhala ndi mwana nkuwasiya agogo amene amakhala naye. Ndinatumiza uthenga kuti abwere onse awiri, ndipo palibe amene akalipidwe.

Agogo anabwera koma nkhope ikuonetsa kuti angobwera mwaulemu. Anati, "Mwana wanga, mwana sayankhulitsidwa, nthawi yake ikakwana amayankhula yekha. Amalume ake uyu anayamba ali ndi zaka zinayi, pano ndi munthu ali ndi banja lake." Sindinawatsutse chifukwa mbali ina akunena zoona, ana ambiri ochedwa chonchi amadzawapeza anzawo okha. Vuto ndi loti pa zaka ziwiri sitingadziwe kuti ndi uti adzawapeze ndi uti adzavutike mpaka kusukulu, ndipo kukhala ndi wachibale amene anachedwanso, kuphatikizapo khutu la mafinya, kumamuika mwana mbali yoti tisangodikira. Ndinawauza choncho, kenako ndinawafunsa kuti, "Agogo, mukamatong'ola chimanga iye amakhala pati?" Anati amakhala pompo, amatola zitsononkho nkumaponya m'dengu. Ndinafunsa kuti akaponya inu mumati chani, anaseka nkuti ndinene chani kwa mwana, ndimangomuyang'ana asadye chimanga chouma.

Ndinatuma kuti atibweretsere beseni la madzi, ndinaika pansi pakhonde la rehab, tonse tinakhala pansi kuti nkhope zathu zifanane ndi yake. Ndinamupatsa zitsekerero zija. Anaponya chimodzi m'madzi, ine ndinangoti "chubwi!" basi, osaonjezera kanthu. Anandiyang'ana, anaponya china, chubwi. Kachitatu anaseka. Kachinayi anaponya ine nkukhala chete nditakweza nsidze ngati ndikudikira, mumtima ndikuwerenga mpaka 10, mayi anatsegula pakamwa kuti anene ndinawagwira mkono. Mwana anayang'ana madzi, anayang'ana ine, anaponya china mwamphamvu, ine chete, kenako ndi mawu otsika anati "bwi." Ndinayankha chubwi mokweza ngati wandipatsa mphatso, ndipo anabwereza kasanu. Agogo anaomba m'manja kamodzi nkunena mawu a Chiyao amene sindinawamve, kenako anandilanda zitsekerero nkuyamba okha.

Apa ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi chuma chimene tili nacho koma mapepala ochokera kunja satiuza. Chichewa chadzaza ndi timawu ta mvekero, gwa, phwa, thi, psiti, chubwi, khu, pyoo, ndipo Chiyao nachonso chili nato. Ndi tafupi, timamveka ngati chinthu chimene chachitikacho, timanenedwa ndi nkhope yonse, nde mwana amene kapu wamukanika gwa amamutola msanga. Ndipo agogo a kumudzi ndi akatswiri a timawu timeneti kuposa ife tonse, ukangomva mmene amafotokozera nthano. Sindinafunike kuwaphunzitsa mawu, ndinangowapempha kuti aziwanena kwa mdzukulu wawo pa chimene iyeyo akuchita nthawi imeneyo, kenako azikhala chete kumupatsa mpata. Kukhala chete kuja ndi kumene kumavuta akulu, masekondi khumi amaoneka ngati chaka.

Nde tinataya pepala la zithunzi nkusankha nthawi zimene zilipo kale. Agogo anatenga ya chimanga ndi ya phala, mayi anatenga yosambitsa madzulo. Tinagwirizana kuti liwu loti nena lisamvekenso m'nyumbamo, m'malo mofunsa ichi nchani azingonena chimene mwana akuyang'ana, mwachidule, mobwereza, thira, thira madzi, sopo, mwendo, mwendo wina. Akanena dzi asamukonze, angoyankha "madzi, eya, madzi akumwa," liwu lake libwerere kwa iye lili lathunthu komanso litaonjezeka pang'ono. Pakudya azimuonetsa ziwiri, nthochi kapena mbatata, nkudikira, akaloza yekha osanena amupatsebe koma atchule dzina lake. Mlongo wake sitinamuletse kuthandiza, zikanamupweteka mtima, tinamupatsa udindo wa nyimbo, aziimba naye nyimbo za kusukulu zimene amazidziwa kale nkumaima liwu lomaliza lisanatuluke kuti mng'ono wake amalize. Mtsikanayu anaigwira ntchito imeneyi kuposa wina aliyense.

Foni sitinaichotse, bambo akanakhumudwa komanso agogo amafunika kupuma. Tinachepetsa makatuni kufika pa nthawi imene agogo akuphika nsima ya masana basi, ndipo foni yomweyo tinaipatsa ntchito ina, kuyang'ana limodzi zithunzi za abale ndi za mbuzi zawo nkumatchula, komanso Lamlungu kuimbirana ndi bambo pa WhatsApp pa vidiyo. Bambo poyamba ankatumiza mauthenga oti mwana apite naye kwa dokotala wa pulayiveti akamupatse mankhwala otsegula pakamwa, mayi anandipatsa foni ndinayankhula nawo ndekha, ndinawafotokozera kuti mankhwala otero kulibe, ndipo ndinawapempha kuti poimba asamufunse mafunso, azimuonetsa zimene zili kumene aliko, basi ikudutsa, galu, nsapato zawo za kuntchito, nkumatchula.

Patatha masabata awiri kunabuka vuto lina. Mayi anamva kudikira kuja mopitirira, anayamba kumumana madzi mpaka anene, mwana nkumalira nkudzigwetsa pansi, agogo nkukwiya kuti adokotala anuwo akuphunzitsani nkhanza. Tinakonza pompo. Kudikira ndi kupereka mpata, si chilango, ukawerenga mpaka 10 mwana osanena, umanena wekha nkumupatsa, mawa mpata ubweranso. Kuloza, kuyang'ana, kaphokoso kalikonse, zonsezo ndi kuyankha ndipo zilandiridwe. Pano izi ndimazinena tsiku loyamba lomwe kwa banja lililonse.

Mawu atsopano mayi ankalemba kumapeto kwa kope limene amalembamo ngongole za tomato, a Chiyao ankawauza ndi agogo madzulo. Patatha masabata 6 anali 19, ambiri a mvekero ndi a zochita, bwi, gwa, ila kutanthauza thira, tiye, bwela. Miyezi itatu anafika 43, ndipo m'katimo munali mesi ndi ugali, madzi ndi nsima pa Chiyao, amene ankawanena kwa agogo okha pamene kwa mayi ankati dzi ndi sima. Kenako mvula inayamba, anthu ali kumunda, mtsinje wa kwawo unadzaza, anaphonya maulendo awiri, ndipo khutu linayambanso kutuluka atadwala chimfine, analandiranso mankhwala ku helefi senta. Mwezi umenewo mawu atsopano anali anayi okha. HSA anandithandiza kwambiri, ankapita kukaona kope nkunditumizira chithunzi.

Anabweranso ali ndi zaka 2 ndi miyezi 9. M'kope munali mawu 78 ndipo mayi anati ena asiya kulemba chifukwa akuchuluka. Kuphatikiza wayamba, gogo bwela, mama pita, pii wanga, ayi samba. Ndinamumva ndekha akukoka chitenje cha agogo nkuti "tiye nyumba." Malangizo a zinthu ziwiri pakamodzi pano akutsata. Nditawayaliranso mkeka, mayi anakhala pansi nkuyang'ana kaye chimene watola, m'mphindi zisanu anafunsa mafunso atatu okha ndipo mwana sanawapatse msana, ankawabweretsera zinthu.

Sindinganene kuti zonsezi zachitika chifukwa cha zimene tinaphunzitsa. Khutu linauma nthawi yayitali, makatuni anachepa, mwana wakula miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwina anali m'gulu la aja amene agogo ankanena. Pa mwana mmodzi sungasiyanitse. Chimene ndinachiona ndi maso ndi choti kachezedwe ka m'nyumbamo kanasintha, lezala ija sinagwire ntchito, ndipo mayi amene ankalira tsiku loyamba pano amadziwa chochita akakhala naye. Komanso sanafikebe pa anzake, pa MDAT chiyankhulo chikadali m'munsi ngakhale mpata wachepa, ziganizo ndi za mawu awiri, ndipo munthu wachilendo amamva zochepa mwa zimene akunena, zilembo za kutsogolo akudulabe kwambiri.

Nde sindinamutulutse. Tagwirizana kuti azibwera miyezi iwiri iliyonse, kunyumba ayambe kuonjezera liwu lachitatu pa awiri akewo, akati gogo bwela ayankhe gogo bwela kuno, gogo bwela tidye. Akakwana zaka zitatu ayambe ku mkombaphala wa m'mudzi mwawo, ndipo ndalembera alezi a kumeneko kakalata koti azimukhazika kutsogolo, aziyankhula naye chakumanzere kumene akumva bwino, ndipo asamuimiritse pagulu kuti anene. Ngati pofika zaka zitatu ndi theka anthu a kunja sakumumvabe ndidzayesetsa kuti akaonedwe ndi speech therapist ku Blantyre. A ku makutu anati abwererenso akaonenso kabowo kaja ngati katsekeka, tsiku linadutsa kale ndi masabata atatu, mayi akuti akudikira bambo atumize ya thiransipoti kumapeto a mwezi uno, ndipo ndamupempha HSA kuti akawakumbutse ndalamayo ikangofika.